Ndachotsa TRM8 koma yisiti ikungokula ngati palibe chachitika

Kamtedza46
Moni nonse a pagulu, ndabwera ndi dandaulo, mundipirire. Ndili chaka choyamba cha masitazi ndipo labu yathu imagwira ntchito ndi yisiti ya Saccharomyces cerevisiae. Ine anandigawira jini ya TRM8. Kwa amene si a mbali ino: jini imeneyi imapanga enzaimu yomwe, pamodzi ndi inzake Trm82, imamata methyl pa chilembo G cha pa nambala 46 mu tRNA, RNA yaing'ono yonyamula amino asidi popanga mapuloteni, n'kupanga chomwe timalemba kuti m7G46.

Ndatha masabata asanu ndikulimbana ndi kuichotsa. PCR, yoyezera ngati jini ikadalipo, ndabwereza katatu, jiniyo yapitadi. Lachiwiri ndinadontheza maselo pa mbale ya chakudya cha yisiti chotchedwa YPD, yisiti yabwinobwino mzere wapamwamba, yopanda TRM8 mzere wapansi, n'kuika pa 30 digiri. Lero m'mawa ndatsegula inkyubeta mtima uli phaphapha, ndipo mizere iwiriyo ikufanana ngati mapasa. Ngakhale dontho lomaliza losungunula kwambiri lija, timakoloni tikuwerengeka chimodzimodzi.

Ndiye ngati selo likukhala bwinobwino popanda enzaimu imeneyi, likuisungiranji? Ndawerenganso kuti ambiri mwa majini a ntchito imeneyi ukawachotsa yisiti siidandaula n'komwe. Ine ndikalemba chiyani, kuti ndinachotsa chinthu ndipo sipanachitike kanthu?

Phwetekere
Majini mwati? Kuchotsa majini ndi ntchito ya asing'anga achimwene, PCR siingathe kkkk

Kamtedza46
Ndine achemwali. Ndipo nthabwala imeneyo amalume anga anaimaliza kale pa Khirisimasi.

Gogo_Pipeti
Mwanawe, pukuta misozi. Sunalakwitse kanthu, zimene waonazi ndi zimene aliyense wochotsa TRM8 amaona. Vuto ndi malo amene wafunsira funsolo. YPD pa 30 digiri ndi phwando la ukwati kwa yisiti: shuga 2 peresenti, zakudya zonse zophikaphika, kutentha kokomera. Munthu wotsimphina sumudziwa ali khale pampando akudya.

Ganizira nkhokwe. Imakhala pa mphanda zambiri, ukazula imodzi siigwa. tRNA nayo imapindika n'kukhala ngati chilembo cha L, ndipo zomata zambiri za m'thupi mwake, kutali ndi antikodoni, zilembo zitatu zimene imawerengera uthenga wa jini, ntchito yake ndi kuchirikiza kapindikidweko. m7G46 ndi imodzi mwa mphandazo. Mu 2006 a labu ya Eric Phizicky ku Rochester anazula ziwiri nthawi imodzi, TRM8 ndi TRM4, yomata methyl pa C n'kupanga m5C. Kukazizirirapo yisiti inkakula, koma pa 37 digiri osakulanso. Atafufuza anapeza kuti wavulala ndi mmodzi, tRNA yonyamula valine ya antikodoni AAC. Inkatha msangamsanga, pomwe tonsefe tinkaiona tRNA yokhwima ngati chinthu chokhala masiku osaonongeka. Patapita zaka ziwiri anatchula ndi oidya ake: Rat1 m'nyukiliyasi ndi Xrn1 kunja kwake, onse amayambira kudya RNA ku mapeto a 5'. Njira imeneyi ikudziwika ndi chidule choti RTD, kutanthauza kuonongeka msanga kwa tRNA. Umboni umene ine unandigwira mtima ndi wakuti atangoonjezera makope a jini ya tRNA ya valine yomweyo, yisiti inayambanso kukula pa kutenthako.

Ndiye bwereza madontho ako, uike mbale pa 30, pa 33 ndi pa 37. Yesanso mbale ya glycerol m'malo mwa glucose, yisiti ikakamizike kupuma ndi mitochondria. Kenako upange wa ziwiri, wopanda TRM8 ndi TRM4 yemwe. Ukabwere utiuze.

Chiswe37
Agogo anena bwino, koma mawu oti "yisiti siidandaula" ndiwakane pang'ono. Alipo majini ena a banja limeneli amene ukawachotsa maliro ndi omwewo: TAD2, TAD3, TRM6, TRM61 ndi THG1. TRM5 nayo ukaichotsa yisiti imangotsala mpweya. Ya TRM6 ndi TRM61 ndiyo imandisangalatsa. Maina awo akale ndi GCD10 ndi GCD14, chifukwa anapezeka kwa anthu amene ankafufuza zina, za kawongoleredwe ka GCN4. Amaika m1A, A womatidwa methyl, pa nambala 58 m'ma tRNA ambirimbiri, koma yopha selo ndi imodzi: tRNA ya methionine yoyambitsa puloteni iliyonse. Ikasowa m1A58, Trf4 amaimata mchira wa ma A ikadali yaiwisi m'nyukiliyasi, chigayo cha RNA chotchedwa exosome n'kuigaya. Ukaonjezera makope a IMT4, jini ya tRNA imeneyo, selo lopanda enzaimu limakhala ndi moyo. Ndi nkhani yomweyo ya valine, kungoti pano mphanda imodzi yakwana kugwetsa nkhokwe.

Mphunzitsi_waFomu4
Akuluakulu, pepani kukudulani. Ine ndimaphunzitsa bayoloje ku sekondale, tRNA ndimaijambula pa bolodi ngati tsamba la nthambi zitatu, pansi zilembo zitatu, pamwamba amino asidi, basi. Ana ndimawauza kuti RNA ili ndi zilembo zinayi, A, U, G ndi C. Tsopano inu mukuti m7G, m5C, m1A. Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikunamiza ana a eni?

Mfiti_ya_PCR
Simunanamize aphunzitsi, munangoimira pakati pa njira. tRNA ikamakoperedwa kuchokera ku DNA imatulukadi ndi zilembo zinayi zokhazo. Ikatero ndiye maenzaimu amaizinga ngati amisiri pa nyumba yongomangidwa kumene: wina amamata methyl, wina amatembenuza U kukhala pseudouridine, awa ndi a banja la Pus, ena a Dus1 mpaka Dus4 amaonjezera ma hydrogen awiri pa U, wina amaika sulufule. Mu yisiti yophikira buledi muli mitundu ngati 25 ya zosintha zimenezi, ndipo tRNA iliyonse, yomwe ili ndi zilembo zosapitirira 100, imanyamula pafupifupi 13. Majini a tRNA alipo pafupifupi 275, koma mitundu ya antikodoni ndi 42.

Ndipo nkhaniyi inayambira pa yisiti pomwepa. RNA yoyamba padziko lapansi kuwerengedwa chilembo ndi chilembo inali tRNA ya alanine ya yisiti, zilembo 77, ntchito ya Robert Holley ndi anzake ku Cornell, yofalitsidwa mu 1965. Kuti apeze galamu imodzi yoyera anagwiritsa ntchito makilogalamu 140 a yisiti yophikira buledi. M'zilembo 77 zimenezo munali kale zachilendo: inosine, pseudouridine, dihydrouridine, ma G omatidwa methyl. Holley analandira Nobel mu 1968 pamodzi ndi Nirenberg ndi Khorana. Tsamba la nthambi zitatu lomwe mumajambulalo linachokera pa ntchito imeneyo. L amene agogo akunena anaoneka mu 1974, a gulu la Alexander Rich ku MIT ndi a gulu la Aaron Klug ku Cambridge, nawonso pa tRNA ya yisiti, ya phenylalanine.

Mai_a_Mandasi
Makilogalamu 140! Ine kapaketi kamodzi ka yisiti ndimakandira ufa wa mandasi a tsiku lonse. Bambo ameneyu akanadyetsa msika wonse wa Limbe chaka chathunthu, iye n'kutulukamo ndi kagalamu kamodzi.

Phwetekere
Mai mwalowa bwanji gulu la asayansi?

Mai_a_Mandasi
Anandilowetsa ndi mwana wanga, iye ndi amene amaphunzira zimenezi. Koma yisiti ndayamba kuigwira iye asanabadwe. Ndipo za kutenthazi agogo akunena zoona, madzi akatentha kwambiri ufa sufufuma, ndinataya beseni lathunthu ndili mtsikana.

Chiswe37
Mai ali ndi ufulu wonse pano, yisiti yawoyo ndi mtundu womwewu wa Kamtedza. Poti tafika kukhitchini: yisiti inayo imene ma labu amaikonda, Schizosaccharomyces pombe, Paul Lindner anaifotokoza mu 1893 kuchokera ku mowa wa mawere wa kum'mawa kwa Africa, ndipo pombe ndi mowa m'Chiswahili. Pa nkhani yathuyi ziwirizi zimasiyana. Pombe ili ndi queuosine pa nambala 34 m'ma tRNA ena, cerevisiae ilibe ndipo ikukhala bwinobwino.

Phwetekere
Ndiye amene ali m'masese a kwa agogo anga ndi uti? Ameneyo ndithu ali ndi zomata zoonjezera, chifukwa chipanda chimodzi munthu amaiwala njira ya kwawo.

Namadzi_Boy
Masese ndi nkhani ina, mumakhala yisiti yosakanikirana ndi mabakiteriya owawasitsa, si mtundu umodzi ngati wa m'labu. Thobwa la amayi likagona masiku atatu limakhala litayamba kale ulendo umenewo.

Kamtedza46
Abale, ine masabata asanu apita, inu muli pa masese.

Mphunzitsi_waFomu4
Tibwerere kwa mwanayu, koma ndifunseko kamodzi kokha. A Mfiti mwati antikodoni ndi 42. Makodoni, timagulu ta zilembo zitatuzitatu totchula amino asidi, ndi 61. Otsalawo amawawerenga ndani?

Gogo_Pipeti
Funso la aphunzitsi ndi lomwe Francis Crick anayankha mu 1966, ataona kuti antikodoni ya Holley ikuyamba ndi inosine. Chilembo choyamba cha antikodoni, cha pa nambala 34, sichiumirira bwenzi limodzi. Inosine imagwirana ndi U, ndi C, ndiponso ndi A, choncho tRNA imodzi imawerenga makodoni angapo. Koma inosine mu DNA mulibe. Jini imalemba A, kenako Tad2 ndi Tad3 amachotsapo amino n'kukhala I. Awiriwa anawazindikira André Gerber ndi Walter Keller ku Basel mu 1999. Mu yisiti amakonza ma tRNA 7, pomwe E. coli imachita zimenezi pa tRNA imodzi yokha, ya arginine. Ukawachotsa, makodoni ambiri othera ndi C amasowa wowawerenga, n'chifukwa chake selo limafa.

Iwe Kamtedza, tRNA ya valine ija timailemba AAC potsata jini, koma m'selo imayenda ili IAC. Ndiye tRNA imodzi yomweyo yadutsa m'manja mwa Tad, mwa Trm8 wako, mwa Trm4, ndi ena.

Kalulu_waData
Ndawerenga zonse ndipo ndikuona kuti mukumupatsa mwanayu nkhani yachikale. Mphanda, nkhokwe, kuchirikiza, ngati kuti zomatazi zimangoikidwa kamodzi n'kukhala phee. Ma labu a Peter Dedon ku MIT ndi Thomas Begley ku Albany anayeza ndi mass spectrometry n'kuonetsa kuti kuchuluka kwa zomatazi kumasintha selo likapanikizika, ndipo poizoni aliyense amasiya chizindikiro chakechake. Ukathira hydrogen peroxide, m5C wa pa nambala 34 mu tRNA ya leucine ya CAA amachuluka, ntchito ya Trm4 yemweyo. tRNA imeneyi imawerenga UUG. Ndiye taonani: jini ya RPL22A ma leucine ake onse analembedwa ndi UUG, mapasa ake RPL22B ayi, ndipo imene imachuluka pa nthawi imeneyo ndi ya A. Trm9 nayo chimodzimodzi, yisiti yopanda TRM9 imavutika ndi MMS, mankhwala oononga DNA, chifukwa mapuloteni ngati Rnr1 ndi Rnr3, odzaza ndi makodoni a AGA ndi GAA, sapangidwa mokwanira. Kumeneku ndi kuwongolera. Selo likusankha mapuloteni oti apangidwe pogwiritsa ntchito tRNA. Kamtedza asiye zotenthetsa mbale, athire mankhwala.

Gogo_Pipeti
Mapepala amenewo ndinawawerenga, ndipo miyeso yawo sindikuitsutsa. Chimene ndimakana ndi kulumpha. Kusintha kwa chinthu selo likadwala sikutanthauza kuti selo lachisintha dala. Munthu akadwala malungo amaonda, koma kuondako si mankhwala. Zomata zina zikhoza kuchepa chabe chifukwa zipangizo zasowa: methyl aliyense amachokera ku SAM, sulufule amachokera ku cysteine, Dus amafuna NADPH. Ukasokoneza khitchini ya selo, zonsezi zigwedezeka. Ndipo pa nambala 46 si pa antikodoni. m7G46 sakumana ndi kodoni, ali m'kati mwa thupi la tRNA. Mwana wa chaka choyamba ayambe ndi chimene chili ndi njira yodziwika.

Kalulu_waData
Agogo, ndi ulemu wonse, maganizo amenewo ndi amene anachititsa kuti anthu azitcha zinthuzi zokongoletsera kwa zaka 30.

Gogo_Pipeti
Ine sindinati zokongoletsera. Ndati mphanda. Kagone m'nyumba yopanda mphanda uone ngati ndi zokongoletsera.

Mfiti_ya_PCR
Ndilowe pakati. Pali nkhani imodzi imene nonse awiri iyenera kukuchititsani manyazi pang'ono, ya Elongator. Mu 1999 labu ya Jesper Svejstrup inaupeza utamatirira ku RNA polymerase II, n'chifukwa chake dzinalo. Uli ndi mapuloteni 6, Elp1 mpaka Elp6, ndipo Elp3 ankaoneka ngati enzaimu yomata acetyl pa ma histone. Anthu analemba zambiri: Elongator pa kukopera DNA, pa kutumiza katundu kunja kwa selo, pa ma telomere, pa kukonza DNA yoonongeka. Aliyense amene anachotsa ELP3 ankapeza vuto latsopano n'kuupatsa Elongator ntchito yatsopano.

Kenako mu 2005 a labu ya Anders Byström ku Umeå anaonetsa kuti popanda Elongator, U wa pa nambala 34 salandira zomata za mcm5 kapena ncm5, m'ma tRNA 11. Chaka chotsatira anachita chinthu chophweka ngati cha valine chija: anaonjezera makope a ma tRNA awiri okha, ya lysine ya UUU ndi ya glutamine ya UUG, ndipo mavuto ambiri aja anatha. Matenda khumi, muzu umodzi.

Kalulu, apa zikukukomera: zomata za pa antikodoni zimakhudzadi mapuloteni ena kuposa ena. Agogo, nanunso zikukukomerani: selo silinali kuwongolera kanthu, linali kungodwala. Danny Nedialkova ndi Sebastian Leidel anaonetsa mu 2015 kuti U34 akakhala wosakonzedwa, ribosome, makina opanga mapuloteni, imachedwa pa makodoni a AAA ndi CAA, mapuloteni amapindika molakwika n'kuundana mibulumibulu m'selo.

Kalulu_waData
Ndavomera theka. Koma sulufule wa pa U34 yemweyo, wobwera ndi Nfs1, Uba4, Urm1, Ncs2 ndi Ncs6, amachepa methionine ndi cysteine zikasowa, ndipo selo limasintha kagwiritsidwe ntchito ka shuga. Mungati ndi ngozi, ine ndimati ndi khutu la selo lomvera njala.

Gogo_Pipeti
Imeneyo ndi yomwe ndimaiona ya mphamvu pa zonse wanenazi. Ukanayamba ndi imeneyo sitikanakangana.

Namadzi_Boy
Funso lopusa mwina: alipo malo amene kusowa zomatazi kumapindulitsa yisiti?

Chiswe37
Si lopusa, ndipo yankho lake ndi nkhondo. Kluyveromyces lactis, yisiti ya mumkaka, imatulutsa poizoni wotchedwa zymocin wophera ma yisiti ena. Kachigawo kake ka gamma kamalowa m'selo la cerevisiae n'kudula tRNA pa antikodoni, makamaka ya glutamate ya UUC. Koma mpeni umenewu umafuna kuona mcm5s2U pa nambala 34 kuti udule. Yisiti yopanda ELP3 kapena TRM9 ilibe chizindikirocho, ndiye poizoni amangodutsa. Majini ambiri a njira imeneyi anapezeka choncho, anthu akungofufuza yisiti yosafa ndi zymocin, asakudziwa n'komwe kuti akugwira za tRNA. N'chifukwa chake ena ali ndi dzina loti KTI, ngati Kti11, Kti12 ndi Kti13, chidule cha mawu otanthauza kuti poizoni wakuphayo sawagwira.

Phwetekere
Ndiye kuvala bwino ndi kumene kumakuphetsa. Wakuba amayamba ndi wa suti.

DokoWaAna
Ine sindine wa labu, ndimaona ana odwala, koma ndakhala ndikutsatira. Kamtedza, pa funso lako loti ukalemba chiyani: enzaimu yakoyo ife anthu tili nayo. Trm8 mwa ife ndi METTL1, Trm82 ndi WDR4. Mu 2015 kunafotokozedwa ana obadwa ndi mutu waung'ono kwambiri ndiponso osakula msinkhu, chifukwa cha kusintha kwa chilembo chimodzi mu WDR4, ndipo kuti atsimikize anakapanga kusintha kofananako mu TRM82 ya yisiti n'kuona m7G46 akuchepa. Zilipo zina. FTSJ1, amene mu yisiti ndi TRM7, ali pa chromosome X ndipo akaonongeka ana aamuna amachedwa nzeru. ADAT3, Tad3 wa agogo uja, anapezeka m'mabanja a ku Saudi Arabia. ELP1 ndiye gwero la familial dysautonomia, matenda a mitsempha opezeka makamaka mwa Ayuda a Ashkenazi, jini yake inadziwika mu 2001. Majini a KEOPS, opanga chomata cha t6A pa nambala 37, akaonongeka amabweretsa Galloway-Mowat, impso ndi ubongo pamodzi.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti tRNA ili m'selo lililonse la thupi, koma nthawi zambiri wolira ndi ubongo. Yisiti yako ili phee pa YPD, koma mwana wosowa chinthu chomwecho sali phee.

Kamtedza46
A dokotala zikomo, ndime yoyamba ya lipoti langa mwandilembera. Tsopano za manja. Mufiriji ya labu muli trm4 wa m'gulu lija la yisiti zochotsedwa jini imodziimodzi, koma ali ndi chizindikiro cha kanMX, chomupiritsa mankhwala a G418, ndipo wanganso ndinaika kanMX. Onse awiri akukula pa G418. Ndiwasiyanitsa bwanji?

Mfiti_ya_PCR
Njira ziwiri. Yachangu, sintha chizindikiro: chotsa TRM4 mwa wako pogwiritsa ntchito natMX kapena hphMX. Yachikale, kwatitsa. Wako ndi wa mtundu wa BY4741, wa mbali ya MATa? Peza trm4 wa BY4742, MATalpha, uwasakanize, uwasowetse chakudya apange ma spore, kenako upatule ma tetrad, timagulu ta ma spore anayianayi. Ukapeza tetrad imene ma spore awiri akukula pa G418 ndipo awiri akufa, awiri okulawo ali ndi zonse ziwiri. Utsimikize ndi PCR. Ubwino wa yachikaleyi ndi wakuti abale onse anayi, wabwinobwino, trm8, trm4 ndi wa ziwiri, amachokera mwa mayi mmodzi, palibe angakunene kuti kusiyanako kwachokera kwina.

Gogo_Pipeti
Kwatitsa. Uphunzire kugwira singano ya maikulosikopu ukadali wamng'ono, manja asanayambe kunjenjemera ngati angawa. Ndipo chilichonse uchikulitse pa 25 kapena 28, osati pa 30, wa ziwiriyo asayambe kuvutika usanamuyese.

Namadzi_Boy
Ndipo muike thermometer yanuyanu m'kati mwa inkyubeta. Ine kumene ndinkaphunzira magetsi anazima Loweruka usiku, jenereta osadzuka, inkyubeta ya 37 inazizira mpaka Lolemba m'mawa. Ndinapeza yisiti yanga yosapirira kutentha itakula bwinobwino, ndinatsala pang'ono kukauza asupavaiza kuti ndatulukira zachilendo. Anandipulumutsa ndi mlonda amene anandifunsa ngati zinthu zanga sizinaonongeke ndi mdima wa dzana.

Phwetekere
Mlondayo dzina lake likhale pa pepala ngati wolemba wachiwiri.

Chiswe37
Poti tikudikira ma spore, aphunzitsi nayi ina yokafotokozera ana. tRNA ya phenylalanine ili ndi chomata chachikulu pa nambala 37, wybutosine, choletsa ribosome kuterereka pa ma U ondondozana. Jini yake ili ndi intron, kachigawo koyenera kudulidwa, ndipo mu yisiti intron ya tRNA imadulidwa kunja kwa nyukiliyasi, pakhungu la mitochondria. Koma Trm5, woika maziko a wybutosine, amakhala m'nyukiliyasi ndipo amafuna tRNA yodulidwa kale. Ndiye tRNA imatuluka, imadulidwa, imabwereranso m'nyukiliyasi kwa Trm5, n'kutulukanso kachiwiri kuti Tyw1 mpaka Tyw4 amalize. Ulendo wa kuboma wofuna sitampu ya maofesi atatu.

Mphunzitsi_waFomu4
Imeneyi silabasi ilibe, koma ndikawauza Lachisanu masana akayamba kusinza.

Kamtedza46
Ndabweranso, patha masabata anayi. Ma tetrad 20 ndapatula, oyambirira ndinawaswa ndi singano, koma otsalawo atuluka bwino. Pa 28 onse anayi akukula. Pa 37, wabwinobwino, trm8 ndi trm4 akukula, wa ziwiri mzere wake uli mbee, mbale yoyera. Ndinaima pa inkyubeta kuseka ndekha mpaka mnzanga wa benchi ina anabwera kudzaona ngati ndili bwino.

Koma pali china. Nditaisiya mbaleyo masiku anayi, pa dontho loyamba lokhathamira lija patuluka makoloni asanu akuluakulu, onenepa, pakati pa maselo osakula. Ndi dothi lalowa kapena?

Gogo_Pipeti
Usataye mbale imeneyo! Ngati akuoneka ndi kununkha ngati yisiti ndipo akukula pa G418, amenewo ndi opulumuka, apeza kusintha kwina kowabisa kwa odya tRNA aja. Woyamba kumuganizira ndi MET22. Enzaimu imeneyi imaphwanya pAp, zinyalala za njira ya sulufule. Ikafa, pAp amadzadza m'selo n'kutsamwitsa Rat1 ndi Xrn1, tRNA ya valine n'kupulumuka ngakhale ili yopunduka. A Phizicky anaipeza choncho. Kuyesa kwake n'kosavuta: yisiti yopanda Met22 siikula popanda methionine. Watole asanuwo, uwapake pa mbale yopanda methionine, amene akane kukula ndi omwewo.

Mfiti_ya_PCR
Agogo, dikirani. BY4741 alibe kale jini ya MET15, sakula popanda methionine chibadwire. BY4742 ndi amene ali nayo. Spore wa Kamtedza akhoza kukhala atatengera mbali iliyonse. Ngati anatengera ya BY4741, asanu onsewo akana kukula ndipo sizitanthauza kanthu.

Gogo_Pipeti
Wandigwira. Ine ndinakulira pa yisiti ya mtundu wa W303, za ma BY ndimaiwala. Kamtedza, yamba wayesa kholo lawo.

Kalulu_waData
Kapena ungotumiza MET22 ya asanuwo akaiwerenge zilembo, jiniyo ndi yaifupi. Ukatero undipatseko wa ziwiriyo ndimuthire peroxide, ine ndi agogo mlandu wathu sunathe.

Kamtedza46
Ndayang'ana m'kope. Spore amene ndinagwiritsa ntchito ndi 7B, ndipo pa mbale yopanda methionine sanakule, ndinalemba ndekha ndi cholembera chofiira osadziwa kuti zidzandithandiza chiyani. Koma 12C nayenso ali ndi zonse ziwiri ndipo iye anakula. Ndamutulutsa mufiriji, mawa ndimuthira wambiri pa mbale zitatu za 37 ndione ngati naye atulutse onenepa ake. Asanu a 7B ndawasunga mu glycerol, ndalama zowerengetsera zilembo ndikapempha Lolemba.

Mai_a_Mandasi
Amene akule pa moto asanuwo mundisungireko mmodzi mwanangu, mwezi wa Okutobala ufa umandivuta.